Musamuuze Ali Chiimire

"Musamuuze ali chiimire."

"Ndamva, bambo."

"Simunamve. Ana a masiku ano mumati mwamva pamene mwangogwedeza mutu. Ndikuti akhale kaye pansi. Pambali pake pakhale munthu wamayi woti amugwire. Ndipo musakaponye mawu ngati mukuponyera galu fupa. Mukayambire kutali, muziyandikira pang'onopang'ono."

"Kungoti kuno ku Doha, bambo, zinthu zake n'zovutirapo."

"Ku Doha anthu sakhala pansi? Alibe matako?"

Lemani anasinthira foni ku khutu lina. Amene ankamukalipirawo anali a Grayson, malume ake a Walije, ndipo ankaimba ali ku Ntcheu. Kuseri kwa mawu awo kunkamveka hamala ikukhoma misomali m'matabwa. Mayi ake a Walije anali atamwalira dzulo lake, Lachinayi chakumadzulo. Abale akanatha kumuimbira mwini wakeyo, poti kumene amagwira ntchito amamubwezera foni yake 9 koloko usiku uliwonse, koma uthenga wotere sauponyera munthu ali yekhayekha m'kachipinda kudziko la eni. Choncho analetsa ana onse kulemba chilichonse pa Fesibuku, nayamba kusakasaka munthu wa kwawo woti akaupereke pamaso, mpaka m'mawa wa Lachisanu anapeza nambala ya Lemani, wa mudzi woyandikana nawo.

"Bokosi titseka 2 koloko," anapitiriza a Grayson. "Kutentha kwa kuno sikukulola kuti tidikire. Ngati akufuna kuona nkhope ya mayi ake, muimbe pa vidiyo nthawiyo isanakwane. Foni ndikhala nditaigwira ndekha."

Ku Ntcheu ikamakwana 2 koloko, ku Doha imakhala 3 koloko. Lemani anayang'ana wotchi yake. Inali 10 koloko. Anakhala pa bedi lake la pansi m'chipinda cha ku Umm Ghuwailina chimene amagonamo anthu asanu ndi mmodzi, n'kuyamba kuwerengera ndi zala.

Lemani anali dalaivala wa Dokotala Anwari, dokotala wosabaya jakisoni, wophunzitsa za mafilimu pa yunivesite ina mumzindawu. Ntchito ya udalaivala, kunena zoona, ndi kudikira, kuyendetsako n'kongopumulira. Pa zaka zitatu zodikira bwana wake kunja kwa mageti a anthu, Lemani anali atadzaza manambala m'timabokosi ta m'nyuzipepala tochuluka moti anayamba kukhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi yankho limodzi, bola ulipatse nthawi ndi pensulo. Nkhani ya Walije anaiona ngati ija ya munthu wowolotsa fisi, mbuzi ndi chinangwa pa bwato laling'ono. Walije amagwira ntchito ya m'nyumba kwa Madamu Rabia ku Nuaija. Mwamuna wachilendo saloledwa kukamuona. Foni yake imagona m'dilowa ya madamu. Pa geti limenelo Lemani amalowa kamodzi pa sabata, Lachisanu 1 koloko masana, akamakasiya bwana wake ku kalabu ya mafilimu. Mwayi unali womwewo, ndipo unali wa maola awiri.

Kuuza Madamu Rabia kaye kunali kosatheka. Mwini maliro samva pambuyo pa alendo. Komanso madamuyo, ndi mtima wawo wabwino wothamanga, akanakuwa nkhaniyo ali pa masitepe, Walije ali pa moto ndi poto wa mafuta.

"Lero ndi tsiku lalikulu, Lemani," anatero Dokotala Anwari m'Chingerezi, atakhala kumpando wakumbuyo ndi mapepala pamwendo. Ankakonda kuyesera mawu awo pa dalaivala asanakawalankhule kwa anthu. "Chisoni, nyimbo ndi ufulu. Mtsikana, dzina lake Ilse. Bambo ake amwalira, amusiyira akodiyoni. Abale amutumizira tikiti ya ndege kuti apite kumaliro. Iye sapita."

"Tikitiyo inali yabodza, sir?"

"Inali yabwinobwino. Sapita chifukwa safuna. Umenewo ndiwo ufulu."

Lemani anakumbukira Amalawi anzake a mu Doha amene anaika makolo awo m'manda kudzera pa foni, ena ali m'yunifomu pa geti, ena atadzitsekera m'chimbudzi cha hotela. Sanadziwe kuti onsewo anali pa ufulu.

"Maola awiri ndi mphindi makumi asanu," anapitiriza dokotalayo, "koma ziganizo zolankhulidwa ndi zisanu ndi zinayi zokha. Nine sentences, Lemani! Zina zonse ndi chete. Ku Ulaya anthu amadziwa kulira osatsegula pakamwa."

"Zimasunga mphamvu, sir."

Kalabu ya Madamu Rabia inkaonera mafilimu a ku Ulaya okhaokha. Osati aja omenyana kapena othamangitsana pa galimoto, ayi, koma aja oti munthu amaima pawindo kuyang'ana mvula mpaka iwe woonerawe n'kuyamba kudzifunsa chimene unamulakwira. Madamuyo anaphunzira ku Ulaya zaka zinayi, ndipo anabwerako ndi dzimbiri la kuzizira mumtima limene ankalisamala ngati duwa. Chipinda chimodzi cha nyumba yawo anachisandutsa holo: makatani olemera, masofa, ndi chinsalu choyera chodzaza khoma lonse.

Bwana atatsika, Lemani sanatulutse nyuzipepala monga mwa masiku onse. Anazungulira kuseri, n'kugogoda pa chitseko cha khitchini.

"A Lemani! Lero mwatsika m'galimoto? AC yafa?"

Walije anali mayi wa zaka makumi atatu ndi mphambu, wamfupi, wa mawu akuthwa. Anali atanyamula ketulo ya karak, tiyi wamkaka uja wa kuno, ndipo thukuta linali mbee pamphuno.

"Ndati ndikuoneni, achemwali."

"Mwandiona. Gwirani thireyi iyo, musangoima ngati mlonda wa pa banki."

Anagwira thireyi. Walije ankathira tiyi m'timakapu tagalasi uku akulongolola. Wophika ali pa day off, ntchito yonse yamugwera iye. Alendo a lero ndi asanu ndi atatu, wina sadya shuga, wina sadya mkaka, wina sadya chilichonse koma amafuna afunsidwe. Lamlungu lapitalo analankhula ndi amayi, ati chifuwa chija chapepuka, mpaka adya chigwada mbale yonse n'kutukwana mpongozi wawo, chizindikiro choti achira ndithu.

"Takhalani pansi pang'ono, achemwali."

"Pansi pati?" Anazunguliza maso khitchini yonse. "Mpando unalipo umodzi, madamu anauchotsa, ati ukudzaza malo." Analoza ndi chibwano kamera imene inali pakona ya denga. "Ine ndimakhala pansi 9 koloko, pamodzi ndi foni yanga. Ngati mwabwera kudzandifunsira, funsirani ndili chiimire. Yankho ndi lomwe lija."

Anaseka yekha. Kenako anamuyang'ana Lemani kachiwiri, nthawi yotalikirapo, ketulo ili m'malere. Koma belu la madamu linalira, ndipo analanda thireyi n'kutuluka.

Lemani anatsala akuyang'ana pamene panali mpando. M'nyumba yonseyi munali malo amodzi okha amene munthu amakhala pansi maola atatu osafunsidwa kuti akutani. Yankho linamufikira lonse nthawi imodzi, ngati nambala yomaliza ya m'timabokosi tija.

Anawapeza Dokotala Anwari m'khonde akukonza kolala pagalasi.

"Sir, pepani. Mumanena kuti filimu yabwino imalankhula ndi munthu aliyense, ngakhale wosaphunzira."

"Ndimatero, inde."

"Munayesapo?"

Dokotalayo anasiya kolala.

Patangopita mphindi zisanu, nkhaniyo inali itasanduka maganizo a Dokotala Anwari eniake, amene akuti anawabwerera m'galimoto. Anaima kutsogolo kwa chinsalu n'kufunsa alendo ngati sichinali chamanyazi kuonera filimu ya ufulu pamene munthu wina waima pakhomo ndi thireyi. Alendo anachita manyazi mosangalala. Madamu Rabia anagwira pamtima.

"Wali! Come, habibti. Today Wali no work. Today Wali sit, look film."

Walije asanabwere ku Doha anaphunzitsa Chingerezi zaka zinayi pa sukulu ina yapulaiveti ku Balaka. Koma anazindikira sabata yoyamba kuti wantchito wodziwa Chingerezi chambiri amapatsidwanso ntchito zambiri, monga kuthandiza ana homuweki, choncho iye ndi madamu ake ankalankhulana Chingerezi chothyokathyoka, aliyense akuganiza kuti akuthandiza mnzake.

"Wali sit, madam?"

"Yalla, sit, sit!"

"Adzafunika womasulira," anatero Dokotala Anwari. "Filimuyi ndi ya chilankhulo cha kumpoto kwa Ulaya, timawu ta m'munsi n'ta Chingerezi. Dalaivala wanga ndi wa kwawo. Koma Lemani, tamvera. Uzimasulira pokhapokha munthu akalankhula m'filimumo, ndipo monong'ona. Pa chete, iwenso chete. Chete ameneyo ndiye filimuyo."

"Yes, sir."

Mtima wa Lemani unavina. Uthenga wa maliro, ukaupereka mwa dongosolo lake, uli ndi masitepe asanu ndi awiri. Anali atawawerenga kale m'mawa. Filimu inali ndi ziganizo zisanu ndi zinayi. Ziwiri zinali zapadera.

Apo ndi pamene Madamu Rabia anatulukira ndi dengu la mlaza.

Linali lamulo la kalabu. Foni iliyonse imalowa m'dengu, dengu limakwera kuchipinda cham'mwamba, n'kutsekeredwa m'kabati mpaka filimu ithe, kuti pasapezeke wogwa m'mayesero. Alendo ankaponyamo mafoni awo akumwetulira ngati akupereka chopereka. Dengu linaima patsogolo pa Lemani. Analiyang'ana. Kuti Walije akhale pansi, iye anayenera kulowa. Kuti alowe, foni inayenera kutuluka. Mbuzi inali itawoloka, koma bwato linali kubwerera lokha. Anadzilimbitsa mtima kuti uthenga ukangoperekedwa, kukwera masitepe n'kwa mphindi imodzi. Anaponyamo foni.

Madamu anamulozera Walije sofa yoyera. Iye anaiyang'ana sofayo, imene ankaipukuta tsiku lililonse, n'kupukusa mutu. Anakhala pansi pa kapeti, pafupi ndi mapazi a madamu ake, n'kutambasula miyendo kutsogolo, manja pamwendo. Ndi mmene amayi amakhalira m'nyumba ya siwa. Lemani ananjuta pambali pake, chakumbuyo pang'ono.

Dokotala Anwari analankhula mawu otsegulira kwa mphindi khumi ndi zisanu, kufotokoza chifukwa chimene filimuyi sifuna kufotokozedwa. Magetsi anazima 1:30.

Pa chinsalu panaoneka chipinda chotuwa. Mtsikana wowonda, Ilse uja, anali atakhala patebulo akuyang'ana kapu. Anaiyang'ana kapuyo, kapuyo inamuyang'ananso. Patapita nthawi anaitsuka, n'kuibwezera pamalo pake, n'kuyambiranso kuiyang'ana.

"Ameneyu alibe madamu," ananong'ona Walije.

"Shhh," anatero mlendo wina.

Itakwana 1:44, wamtengatenga anagogoda pakhomo la Ilse n'kulankhula. M'munsi munatuluka timawu toti wabweretsa kalata. Lemani anawerama.

"A Grayson anaimba m'mawa uno. Akupereka moni."

Walije anatembenuza mutu pang'ono. Timawu tija anali atatiwerenga yekha, ndipo munalibe a Grayson. Anamuyang'ana Lemani m'mdimamo, kenako anabwezera maso pa chinsalu. Koma manja ake, amene anali chitambasukire pamwendo, anapindika.

Ilse anatsegula kalata, anapezamo tikiti ya ndege, anaiika pansi pa kapu ija. Anapita kusitolo. Wogulitsa anamuuza kuti buledi watha.

"Kumudzi ati onse ali bwino, ana, alamu anu, onse. Kungoti amayi."

Ilse anayankha kuti palibe kanthu.

"Chifuwa chija chinabwereranso Lolemba."

Masitepe atatu pa mphindi makumi awiri. Lemani anayamba kuikonda filimuyi. Anaona Dokotala Anwari akuwasuzumira, akulemba kanthu m'kabuku mumdima, mosakayika za mmene Chichewa chimatalikitsira nkhani ya buledi.

Kenako anthu awiri anabweretsa bokosi lakuda kunyumba kwa Ilse. Munali akodiyoni ya bambo ake. Mmodzi anapempha kuti asaine. Inali 2:05.

"Lachitatu anawatengera kuchipatala cha pa boma. Anawagoneka."

Mpweya wa Walije unasintha. Unkalowa mwachidule, n'kutuluka mochedwa. Palibe Mmalawi wofika zaka makumi atatu amene sadziwa kumene masitepe amenewa amathera. Anadziwa kuyambira pa moni wa a Grayson, mwinanso kuyambira m'khitchini muja. Koma kudziwa si kuuzidwa. Munthu salira maliro amene sanawamve, kutero n'kuwaitana. Choncho anakhala msana uli njo, maso gwa pa mzungu wosalankhulayo, kudikira mawu ake.

Itakwana 2:20, foni ya Ilse inalira. Mawu a mlongo wake anamufunsa ngati akubwera.

"Madokotala anayesetsa, achemwali. Anayesetsa ndithu."

Asanu. Anatsala awiri okha, ndipo nthawi inalipo yambiri. Ilse akangoyankha mlongo wakeyo, ikhala ya chisanu ndi chimodzi, ija yonena kuti mwini moyo ndi Mulungu. Lemani anakonzekeretsa milomo.

Ilse sanayankhe. Anaika foni pansi mwaulemu, n'kunyamula akodiyoni.

Sanaiimbe. Anaikoleka pamapewa, n'kuyamba kuitambasula ndi kuifinya pang'onopang'ono osadina batani ngakhale limodzi, moti chida chonsecho chinkangopuma. Fuuu. Haaa. Ngati munthu wodwala chifuwa m'chipinda choyandikana. Mlendo wina anausa moyo chifukwa cha kukoma kwake. Ilse anapuma ndi akodiyoniyo pawindo. Anapuma nayo m'bafa. Anakwera nayo sitima yapamtunda, n'kumapuma nayo kuyang'ana minda ya chipale.

2:30. 2:38.

Pamenepo Lemani anakumbukira zimene bwana wake ananena sabata yapitayo pa maloboti a ku Ras Abu Aboud, iye maganizo ali pa lole imene inkafuna kumudula: kuti luso lalikulu la filimuyi ndi chete wa pafupifupi maola awiri pakati pake, ndipo ziganizo zinayi zomaliza zimabwera pamodzi m'mphindi khumi zotsiriza. Anali atawerenga ziganizo, osafunsa pamene zagona. Chotsatira chinali kudzabwera cha m'ma 4 koloko, anthu ku Ntcheu akusamba m'manja pochokera kumanda.

Thukuta linatsika m'khosi mwake ngakhale AC inkazizira ngati mochale. Anasuzumira bwana wake. Dokotala Anwari anali atatseka maso, chala chili mmwamba, kutsatira kupuma kwa akodiyoni. Lemani anatsegula pakamwa, ndipo chala chija, popanda mwini wake kutsegula maso, chinatembenukira kwa iye. Anatseka pakamwa. Zaka zitatu zonena "yes, sir" zimamanga lilime kuposa chingwe. Komanso panali sitepe ya chisanu ndi chimodzi. Akailumpha, a Grayson adzamva, ndipo nkhani yoti iye, mwana wa a Mussa, anaponya uthenga wa maliro ngati fupa idzamudikira kumudzi mpaka kontrakiti yake ithe. Anakhala pakati pa malamulo awiri, onse akuwamvera, onse akumudyera nthawi.

2:46. Ilse anatsika sitima. Anaima pa siteshoni. Munthu wina anamuyandikira ngati akufuna kufunsa njira. Lemani anatsamira kutsogolo, kumupempherera munthuyo kuti atsegule pakamwa, anene chilichonse, ngakhale kutukwana. Munthuyo anamuyang'ana Ilse, n'kugwedeza mutu momvetsa, n'kupitirira.

"Galu iwe," anatero Lemani chamumtima.

2:53.

"Achimwene."

Walije sananong'one. Analankhula ndi mawu ake a masiku onse, aja oitanira munthu kutsidya la msewu, ndipo m'chipinda chimene munali chete wa mphindi makumi atatu anamveka ngati mbale yagwa.

"Shhh!"

"Achimwene Lemani, ndakhala pansi. Mwandikhazika nokha. Miyendo yachita dzanzi. Nenani."

Lemani anagwada bwinobwino, mawondo onse awiri pa kapeti. Sitepe ya Mulungu anailumpha. Anaganiza kuti Mwini wakeyo amvetsa.

"Amayi atisiya, achemwali. Dzulo madzulo."

Kulira kwa ku Ntcheu sikuyamba pang'onopang'ono. Kunatuluka konse nthawi imodzi, kuchokera pansi pa mimba, n'kukagunda denga. "Mayi ineee! Amayi anga ineee! Mwandisiyira yani ine!" Walije anagwira kumutu, n'kugwera chammbali, ndipo mutu wake unakagwera pamaondo a Madamu Rabia. Pa chinsalu, nthawi yomweyo, Ilse anadina batani lake loyamba, akodiyoni n'kutulutsa liwu limodzi lalitali.

Palibe amene anati shhh.

Madamu Rabia anatsetsereka pa sofa n'kukhala pansi, anamukumbatira Walije ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu. "Oh, habibti! I know, I know! Inenso nditaiona koyamba ndinalira chonchi mumtima!" Mayi wina wa magalasi anayamba kusisima. Bambo amene sadya shuga anavula magalasi ake n'kumapukuta m'maso. Lemani, ngakhale mutu unali utazungulira, anaona kuti zonse zimene a Grayson analamula zakwanira: wakhala pansi, wayambiridwa kutali, ndipo munthu wamayi wamugwira.

"Mwaona?" Dokotala Anwari anali ataimirira. "Mwaona, anzanga? Pa liwu loyamba lenilenilo! Munthu woti sanalowepo m'kalasi ya mafilimu, sadziwa kumene dzikolo lili, koma chamubaya pamalo pomwe wopanga filimu analoza. Zaka makumi awiri ndakhala ndikulemba zimenezi, anthu n'kumanditsutsa!"

"Sir," anatero Lemani. "Foni, sir. Dengu lija."

"Usajambule, Lemani. Zinthu zina sizijambulidwa."

"Sir, mayi ake amwalira."

"Ndi bambo, m'filimumu ndi bambo. Koma taonani zimenezo! Iye wasandutsa bamboyo kukhala mayi ake. Chisoni sichisankha..."

"Sir! Mayi ake enieni. Ku Malawi. Akutseka bokosi 3 koloko."

Inali 2:59. Mawuwo anayenda m'chipindamo pang'onopang'ono, kuchoka pa nkhope ina kupita pa ina. Dokotala Anwari anatsala kukamwa kuli yasa, kabuku kali m'manja, ngati munthu amene wauzidwa kuti mphoto ija inali ya wina. Woyamba kumvetsa anali Madamu Rabia. Anamuyang'ana Walije, amene anali chigonere pamwendo pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri analankhula naye Chingerezi chathunthu.

"Walije, n'zoona? Mayi ako?"

"N'zoona, madamu," anayankha Walije m'Chingerezi chowongoka cha mphunzitsi, pakati pa kusisima. "Ndikupempha foni. Ndikufuna ndione nkhope yawo asanatseke."

Madamuyo anadzidzimuka kawiri, koma kachiwiriko anakasungira tsiku lina. Anadzuka n'kuthamanga, nsapato imodzi n'kutsala pa kapeti. Anamveka akukwera masitepe. Anamveka akutsika.

"Kiyi! Kiyi wa kabati ndinamuika pati?"

Aliyense anaimirira kufunafuna kiyi. Anasuntha masofa, anakutumula mapilo. Wina anafunsa ngati filimu aiimitse kaye, ndipo Dokotala Anwari, ndi mawu ofooka, anati filimu imeneyi siimitsidwa, koma palibe anawamva, ndipo palibenso anaiimitsa. Magetsi sanayatsidwe msanga chifukwa amene ankadziwa pamene pali switchi yake anali Walije yekha.

"M'thumba la mkanjo wanu wa abaya wakuda uja, madamu," anatero Walije ali pansi pomwepo. "Mumaika momwemo Lachisanu lililonse."

Dengu linafika 3:11. Munali mafoni khumi, onse akuda, onse ofanana mumdima. Lemani anawakhuthulira pa kapeti n'kupeza yake chifukwa cha galasi losweka pakona. Mamissed call asanu ndi awiri, onse a a Grayson. Womaliza unali wa 3:04.

Anaimba pa vidiyo. Inaitana, inaitana, inaitananso. Anthu asanu ndi atatu ophunzira bwino anazungulira mayi wokhala pansi, onse chete, ndipo uyu anali chete wa mtundu wina, wosafuna mawu otsegulira.

Foni inayankhidwa.

Choyamba kulowa chinali nyimbo. Amayi a Mvano, mwina makumi anayi, mawu okwera ndi otsika atalukana, wotsogolera akudula mzere patsogolo ena n'kumaulandira, amuna akugunda pansi pake ngati mtondo. Kafoni kosweka galasi kanadzaza holo yonse ya Madamu Rabia, n'kumiza akodiyoni ya Ilse, amene pa chinsalu anali atakwera sitima yapamadzi, mphepo ikumuuluzira tsitsi, akuyamba kumwetulira.

"Mulungu wanga," ananong'ona Dokotala Anwari, dzanja likupita lokha ku kabuku. "Anaipeka ndani imeneyi?"

Walije analanda foni n'kuigwira ndi manja awiri pafupi ndi nkhope. Chithunzi chinkagwedezeka. Kunaoneka thambo loyera ndi dzuwa, nthambi ya mango, kenako fumbi ndi mapazi ambiri, ena ovala nsapato ena osavala. Sizinkadziwika ngati mapaziwo aima kapena akuyenda. Kunaoneka chibwano cha a Grayson, chapafupi kwambiri, milomo ikuyenda, koma mawu awo anamira m'nyimbo. Kenako chithunzi chinauma, chibwano chili pomwepo, nyimbo yokha n'kumapitirira.

"Malume," anatero Walije. Anapukuta galasi la foni ndi chala, ngati vuto linali fumbi. "Malume, bokosi mwatseka?"